Aphunzitsi a Mabenchi Asanu

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wa mayi amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ambiri a inu munkangowadziwa ngati gogo wokhala kutsogolo m'tchalitchi, wopendeketsa mutu nthawi ya ulaliki. Ife a msinkhu wanga tinkawatcha Aphunzitsi, ndipo ndi mmene ndiziwatchulira muno. Ndavomera chifukwa ndinali m'kalasi mwawo. Zina zimene ndilembe si zokoma kuwerenga. Ndinafunsa Bambo Mfumu ngati ndingazidumphe, iwo anati ndikazidumpha ndiye kuti ndalemba za munthu wina.

Aphunzitsi anabadwira m'nyumba za antchito a kumgodi wa miyala, mzere wachitatu kuchokera pa mpopi, m'chipinda chimodzi chogawa ndi nsalu. Bambo awo ankaswa miyala ndi nyundo, mayi awo ankachapa zovala za akapitawo. Fumbi loyera la kumgodi linkalowa paliponse, m'mabulangete, m'makapu, ngakhale m'buku la mapemphero. Anabatizidwa ali ndi masiku asanu ndi anayi okha, chifukwa ana awiri oyamba m'banjamo anamwalira ali akhanda ndipo mayi awo sanafune kudikira.

Sukulu ya kumgodi inali chipinda chimodzi kuseri kwa tchalitchi. Munali mabenchi asanu, bolodi limodzi ndi mphunzitsi mmodzi. Ana a zaka zisanu ndi chimodzi ankaphunzira pamodzi ndi a zaka khumi ndi zisanu. Kuti ntchito iyende, benchi lililonse linali ndi mwana wamkulu kumapeto, wotchedwa mutu wa benchi, ndipo aang'ono ankandandalika pambali pake. Mutu ndiye ankaona masileti a anzake ndi kuwaphunzitsa zimene iye anadutsamo kale.

Mphunzitsi wa masiku amenewo anali msilikali wopuma. Lamulo lake linali lalifupi: ikaola imodzi, zaola zonse. Mwana mmodzi akalakwitsa, benchi lonse linkagona pansi kulandira ndodo, mutu wa benchi n'kulandira kawiri. Tsono mitu ya mabenchi inali ndi khoti lakelake kuseri kwa chimbudzi, kumene wolakwitsayo ankabwezeredwa ndodo za anzake.

Aphunzitsi anafika ku khotilo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atalemba nambala mozondotsa. Mutu wa benchi lawo, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, anawamenya ndi sileti pa khutu lakumanzere. Sileti inasweka. Magazi anayenderera m'khosi mpaka m'diresi. Kunyumba ananena kuti agwa pa mpopi, ndipo mayi awo anawakalipira chifukwa cha diresi. Khutu limenelo silinamvenso. Atakula ankati, “Khutu limodzi limakwana kumvera Mulungu, koma silikwana kumvera ana.”

Ali ndi zaka khumi ndi zinayi, mwala unagumuka kumgodi n'kupsinja bambo awo. Anayamba kuthandiza mayi awo kuchapa zovala, kusukulu n'kumapita akayanika. Sanaphonye Misa ya mmawa ngakhale manja atatupa ndi sopo. Asisitere anaona khama lawo, anawatumiza kukaphunzira uphunzitsi. Msilikali uja atasiya ntchito panalibe mphunzitsi wofuna kudzakhala m'fumbi, ndipo iwo anapempha okha kuti abwerere. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Dalaivala wina wa malole anawafunsira ukwati, koma ankafuna kuti asamuke naye. Anamuyankha kuti ana a kumgodi alibe wina, ndipo sanakwatiwe moyo wawo wonse.

Tsiku loyamba anatenga ndodo ya msilikali pa msomali, anaidula tizidutswa khumi, n'kupatsa ana aang'ono kuti aziwerengera masamu. Sanamenyepo mwana. Koma mabenchi anawasunga, chifukwa ankawakonda. Ankati benchi ndi banja, ndipo chala chimodzi sichiswa nsabwe. M'malo mwa ndodo anabweretsa nyenyezi. Lachisanu lililonse, benchi limene ana ake onse akhoza ntchito ya mlunguwo linkajambulidwira nyenyezi ya choko pakhoma. Benchi la nyenyezi zambiri ndilo linkaimba belu la sukulu ndi kunyamula makandulo pa Misa ya Lamulungu. Anachita zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo apa ndi pamene analakwitsa.

Chaka chimene ndikufuna kunena ndinali ndi zaka khumi, ndipo m'kalasi tinalimo khumi ndi asanu ndi anayi. Ndisanamizire kalasilo kuti linali loipa. Akuluakulu ankasongola mapensulo a aang'ono, kuwamina, kuwabereka powoloka ngalande mvula ikagwa. Wina akabwera wopanda chakudya, buledi ankayenda pansi pa benchi dzanja ndi dzanja mpaka kumufika. Tinkadziwana chifuwa: wina akatsokomola kumbuyo, tonse tinkadziwa kuti ndi ndani osatembenuka.

Koma khoti la kuseri kwa chimbudzi silinathe. Linangosintha malamulo. Popeza Aphunzitsi ankadana ndi ndewu, panafunika kuti pasapezeke wokanena. Choncho woweruzidwa ankamenyedwa ndi aliyense, kamodzikamodzi, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Tinkalitcha dzanja la onse. Khoti linkakhala Lachisanu masana tikaweruka. Nthawi imeneyo Aphunzitsi ankapita kukasesa m'tchalitchi ndi kusintha maluwa a paguwa, ndipo kumgodi ankaphulitsa miyala, moti kulira kwa mwana sikunkamveka.

Pakati pa chaka kunabwera mnyamata wa zaka khumi ndi chimodzi, mwana wa woswa miyala watsopano. Ankalemba ndi dzanja lamanzere, ndiye tinangomutcha Manzere. Sankadziwa kuwerenga. Tikamabwereza zilembo tonse pamodzi mokweza, iye ankatseka pakamwa. Kuseri kwa sileti yake ankajambulako malole a kumgodi, ndi matayala onse, ndi unyolo wa kumbuyo, moti unkadziwa kuti iyi ndi ya dalaivala uti. Aphunzitsi anamuika pa benchi lachitatu, lomwe linali lathu. Mutu wathu anali Chimphona, wa zaka khumi ndi zisanu, mwana wa wophulitsa miyala. Panalinso ine ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu kotchedwa Kanyerere, chifukwa kanali kakang'ono ndiponso kosagonja. Benchi lathu linali patsogolo ndi nyenyezi zisanu ndi imodzi.

Manzere atabwera, milungu inayi inadutsa osalandira nyenyezi.

“Iwe Manzere,” anatero Chimphona pa nthawi yopuma, “pakamwa pako anamatapo simenti?”

“Ndikumva zimene mukunena.”

“Ndiye bwanji sunena nawo?”

“Sindifuna kukuwa ngati mbuzi zili pachingwe.”

“Wamva? Akuti ndife mbuzi. Iye ndiye bwana wa malole. Bwana, lole yanu idzatinyamulira makandulo?”

Tinaseka. Manzere anangotembenuza sileti n'kupitiriza kujambula tayala.

Aphunzitsi ankakhala naye pambali nthawi yopuma, ndipo anali atayamba kuzindikira zilembo zingapo. Koma Lachisanu lachisanu benchi loyamba linatipitirira. Akujambula nyenyeziyo, Aphunzitsi anatembenukira kwa ife n'kunena mofatsa, “A benchi lachitatu, muthandizeni mnzanu. Ndi wanu ameneyu.”

“Timuthandiza, aphunzitsi,” anayankha Chimphona.

Masana amenewo tinandandalika kuseri kwa chimbudzi monga mwa misinkhu. Anyamata awiri anagwira Manzere mikono. Belu la kumgodi litalira kuchenjeza za kuphulitsa, Chimphona anayamba ndi chibakera cha m'mimba. Manzere anapindika, anamudzutsa. Wachiwiri anamenya m'nthiti, wachitatu m'khosi. Atsikana akuluakulu ankamenya mbama, akuyang'ana kumbali. Ine ndinali wachisanu ndi chitatu. Ndinamenya pakamwa. Dzino lake linandidula pachala, ndipo ndinamva likugwedezeka. Aang'ono kwambiri ankachita kuwanyamula kuti afikire nkhope. Manzere sanalire. Ankayang'ana aliyense womumenya, mmodzimmodzi, magazi akudontha pachibwano.

Itafika nthawi ya Kanyerere, amene anazembera kumapeto kwa mzere, anaika manja kumbuyo.

“Menya,” anatero Chimphona.

“Sanandilakwire.”

“Walakwira benchi.”

“Benchi limumenye lokha. Ndi thabwa, limapweteka.”

Wina anaseka, ndipo kusekako kunaipitsa zinthu. Chimphona anagwira dzanja la Kanyerere kuti alimenyetse pankhope ya Manzere. Kanyerere anamuluma pamkono mpaka mano kulowa. Chimphona anamuwomba mbama imene inamugwetsera pakhoma la chimbudzi, mlomo n'kung'ambika. Apo Manzere anatsegula pakamwa koyamba.

“Mutu wa benchi, kumenya kamwana. Ukamenyenso amako.”

Pansi panali miyala yoswa, monga paliponse kumgodi. Chimphona anatola umodzi waukulu ngati chibakera chake. Sanauponye. Anamenya nawo ali chogwira, padiso lakumanja. Kumgodi kunaphulika nthawi yomweyo, nthaka inanjenjemera, ndipo fumbi litadutsa Manzere anali pansi, manja onse kumaso, miyendo ikupalasa. Zimene zinkatuluka pakati pa zala zake sizinali magazi okha. Tonse tinathawa. Anatsala ndi Kanyerere, amene anathamangira m'tchalitchi n'kukakoka Aphunzitsi diresi, chifukwa anawaitana mbali ya khutu losamva.

Aphunzitsi anamubereka mnyamatayo mpaka kumsewu, anaimitsa lole ya miyala, anapita naye kuchipatala. Diso analichotsa tsiku lomwelo. Madokotala ndi bambo ake atamufunsa kuti wamuchita zimenezi ndani, anayankha mawu amodzi: “Onse.”

Lolemba mmawa tonse tinabwera kusukulu, chifukwa wojomba akanadziulula. Titangomaliza pemphero, tinaona pazenera bambo a Manzere akubwera, nyundo yawo yoswera miyala ili m'manja. Aphunzitsi anaika choko pansi, anapita kukaima pakhomo, manja atagwira mafelemu mbali zonse.

“Chokani, mayi.”

“Mwadzuka bwanji, bambo? Mwana wagona bwanji?”

“Musandifunse za mwana. Ndikufuna amene anagwira mwala.”

“Ndi nyundo simulowa.”

“Akuti onse. Chabwino. Ndiyambira wamkulu, ndizitsika.”

Ana aang'ono anayamba kulira. Chimphona analowa pansi pa benchi, koma sanakwanemo. Bamboyo anamenya felemu, thabwa linang'ambika, zipalapala zinagwera m'kalasi. Aphunzitsi sanasunthe. Bamboyo anawakankha pachifuwa, iwo anagwiritsitsa. Kenako anakwezanso nyundo. Ena amati ankafuna kumenya felemu kachiwiri. Ine sindikudziwa. Nyundo inatera paphewa lakumanja la Aphunzitsi, ndipo tinamva fupa likuthyoka ngati nthambi youma. Anagwa chogwada, mkono uli lende, koma dzanja lamanzere silinasiye felemu.

“Simudutsa, bambo,” anatero ndi mawu otsika.

Nyundo inagwa m'manja mwa bamboyo. Aphunzitsi anaikoka ndi dzanja labwinolo, anaigwadira ndi mawondo onse awiri. Nkhope yawo inali itatuwa, thukuta lili chuchuchu.

“Mwabwera kudzamva amene anavulaza mwana wanu. Imani pomwepo, mumva. Ndiyamba ine. Nyenyezi zili pakhomazo ndinajambula ndine. Khoti la ana ndikulidziwa, linandithera khutu ili. Ndinkati linatha chifukwa ndinkafuna kuti likhale litatha, ndipo sindinapiteko ngakhale tsiku limodzi kukaona. Lachisanu ndinauza benchi kuti limuthandize, n'kupita kukakonza maluwa. Imeneyo ndiyo mbali yanga.”

Kenako anayamba kutiitana, kuyambira wamng'ono. Anafunsa aliyense funso limodzi: “Dzanja lako linachita chiyani?”

Kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi kanati, “Anandinyamula. Ndinamenya pamphuno.”

Mtsikana wa benchi lachiwiri anayamba, “Ifeyo tinangouzidwa kuti...”

“Sindinafunse benchi, mwanangu. Ndafunsa iwe.”

“Mbama. Tsaya ili.”

Kanyerere anaimirira ndi mlomo wotupa n'kunena kuti analuma Chimphona ndipo sakupepesa. Ine ndinanena za pakamwa, ndikubisa chala m'thumba. Aphunzitsi anati nditulutse, bamboyo aone. Zinatenga nthawi yaitali. Kawiri Aphunzitsi anatsamira felemu, maso atatseka, ife n'kumati akomoka, koma ankatsegula n'kuitana wotsatira. Bamboyo anamvetsera zonse ali chiimire, akupuma ngati munthu wokwera phiri.

Womaliza anali Chimphona. Anatuluka pansi pa benchi kabudula atanyowa.

“M'mimba, poyamba,” anatero. Kenako anati, “Mwala ndine.”

Bamboyo anadumpha Aphunzitsi, anagwira Chimphona pakhosi, anamunyamula n'kumuwombetsa kukhoma. Mutu unagunda kawiri. Magazi anatsala pa laimu, pafupi ndi nyenyezi. Maso a mnyamatayo anayamba kutembenuzika. Palibe wa ife anasuntha. Aphunzitsi anakwawa ndi mawondo, mkono wothyoka ukukokeka pansi, anakulunga mkono wamanzere pamwendo wa bamboyo.

“Kwakwana. Mwana wanu wataya diso. Asatayenso bambo.”

Zala zinamasuka. Chimphona anagwa pansi akutsokomola. Bamboyo anatuluka, anakhala pasitepe, n'kuphimba mutu ndi malaya. Patapita kanthawi analowanso, ananyamula Aphunzitsi m'manja ngati mwana, anapita nawo kumsewu kukaimitsa lole.

Apolisi atabwera kuchipatala, Aphunzitsi anafotokoza zonse mmene zinalili, osachotsera, koma anakana kusumira bamboyo. Anati bodza la kugwa pa mpopi analinena kamodzi ali mwana ndipo linakwana. Ngakhale zinali choncho, bamboyo anachotsedwa ntchito, ndipo banja lonse linasamuka Manzere atangotuluka m'chipatala. Chimphona anatumizidwa kusukulu ya ana olakwa kwa zaka ziwiri. Aphunzitsi ankapita kukamuona mwezi uliwonse, ulendo wa mabasi awiri, pamene bambo ake enieni sanapondeko phazi.

Makolo anaitanitsa msonkhano m'kalasi momwemo. Ena anati vuto ndi kutaya ndodo, nthawi ya msilikali diso la mwana silinatayikepo. Mayi wina analavulira Aphunzitsi pa nsapato, chifukwa mwana wake anakakamizidwa kuulula pamaso pa munthu wa nyundo. Aphunzitsi, mkono uli m'nsalu, anangovomera kuti mayiyo akunena zoona, anaika ana pangozi, ndipo sanaone njira ina. Sanawachotse ntchito, osati chifukwa chowakhululukira, koma chifukwa panalibe wina wobwera.

Mkono wakumanja sunakwerenso kupitirira pachifuwa. Anaphunzira kulemba ndi manzere ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, ndipo zilembo zawo zinali zokhota moti ana ankaseka. Ankaseka nawo. Nyenyezi anazifufuta, khomalo analipaka laimu okha. Mabenchi anawasiya, pakuti popanda akulu kuthandiza aang'ono sukulu ya chipinda chimodzi siyenda, koma Lolemba lililonse ankasintha ana malo, ndipo belu linkaimbidwa motsata kaundula. Tsiku lililonse ankatenga mwana mmodzi kukhala naye pasitepe kwa mphindi zochepa, khutu labwino lili kwa iye, n'kumufunsa zimene iyeyo payekha amakonda, amaopa, amadziwa kuchita. Umu ndi mmene tinadziwira kuti mnzathu wina amatha kukonza wotchi, ndi kuti mtsikana amene tinkamuyesa waulesi sankaona bolodi.

Kusesa m'tchalitchi Lachisanu anasiya. M'malo mwake ankanyamula mpando kupita nawo kuseri kwa chimbudzi, n'kukhala pamenepo akuchonga makope mpaka mwana womaliza atapita. Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, m'fungo ndi ntchentche, mvula ikagwa ndi ambulera. Amayi ena a mumpingo anadandaula kuti ataya ntchito ya Mulungu n'kukalondera chimbudzi. Anawayankha kuti, “Maluwa adikira. Kuseri kuno sikudikira.” Sindikunena kuti ndewu zinatha. Ana ndi ana. Koma dzanja la onse silinabwererenso.

Za Manzere sanaiwale. Anafufuza kumene banja linasamukira, ndipo chaka chilichonse ankamulembera kalata, kumupempha kuti awakhululukire. Yankho silinabwere. Gawo loyamba la kolona yawo ya tsiku ndi tsiku linali lake. Mgodi utatsekedwa ndi sukulu yomwe, anasamukira m'kanyumba kapafupi ndi tchalitchi chathu chino. Ankaphunzitsa katekisimu, ankayendera odwala, ankasunga makiyi a holo. Kanyerere ndi ine tinakwatirana titakula. Pamene ankadwala matenda amene anamutenga zaka zinayi zapitazo, Aphunzitsi ankabwera mmawa uliwonse, ali ndi ndodo yoyendera, kudzakhala naye kuti ine ndipume.

Chaka chino miyendo inakana, kenako mtima. Ali m'chipatala anandiitana n'kundipatsa adiresi. “Makalata sakukwana. Pita wekha. Usamuchonderere. Ungomuuza kuti ndatsala pang'ono.”

Ndinamupeza m'galaja ina, akulemba zilembo pa chitseko cha lole ndi burashi yaing'ono. Ndi mkulu wa imvi tsopano, chikope chakumanja chinalowa mkati. Anandiyang'ana kwa nthawi.

“Wachisanu ndi chitatu,” anatero. “Pakamwa.”

“Ndine.”

“Dzino lija linaguluka patapita mlungu.” Anapukuta burashi. “Ukufuna chiyani?”

Ndinanena zimene ndinatumidwa. Anapitiriza kulemba pa chitseko, ndipo ndinabwerera ndekha. Patapita masiku atatu, ndili pambali pa bedi la Aphunzitsi, ndinamuona ataima pakhomo la wodi, chipewa chili m'manja.

“Ndi ndani?” anafunsa Aphunzitsi, pakuti maso anali atafooka.

“Ndi Manzere, aphunzitsi.”

“Bwera mbali ino, mwanangu. Makalata unkalandira?”

“Onse. Ankandiwerengera mkazi wanga, koma ankalira kwambiri, kalata imodzi mpaka tiyi kuzizira. Ndinangophunzira kuwerenga ndekha.”

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, “Ndiye ukudziwa chimene ndikupempha.”

Manzere anazunguza chipewa m'manja. “Sindinabwere kudzakhululuka, aphunzitsi. Ndikanena kuti ndakhululuka ndinama. Ndabwera kudzakuonani.”

“Nazonso n'zambiri. Khala pansi.”

Anakhala. Anawafotokozera za ana ake atatu, za malole a masiku ano amene alibe malo abwino olembapo, ndi za bambo ake, amene mpaka imfa sanagwirenso nyundo. Anafunsa za Chimphona, ndinamuuza kuti anakhala wowotcherera zitsulo ndipo anamwalira kalekale. Kenako anafunsa, “Nanga kamtsikana kaja koluma?” Ndinamuuza. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti, “Pepa, mnzanga.” Namwino atabwera kuti awatembenuze Aphunzitsi, anapempha thandizo. Manzere anagwira mapewa, mosamala ndi lakumanjalo, ine ndinagwira miyendo. Anachoka dzuwa lisanapendeke kuti apeze basi.

Ndinkaganiza kuti Aphunzitsi akhumudwa, pakuti mawu amene anawadikira zaka makumi asanu sanawamve. Ndinawafunsa ngati ndimutsatire. Anapukusa mutu. “Wabwera ndi miyendo yake. Zotsalazo n'zake ndi Mulungu. Tinamukakamiza kokwanira.”

Mawa lake Bambo Mfumu anawadzoza mafuta a odwala ndi kuwapatsa Ukaristia. Anapempha kuti zenera litsegulidwe. Anamwalira tsiku lotsatira chakummawa, dzuwa litatuluka, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi, kolona ili m'dzanja lamanzere. Namwino anati anangopuma mozama kamodzi ngati munthu wotula katundu.

Sanasiye chuma, ndipo sindikufuna kuwasandutsa munthu wosalakwa, chifukwa iwo akanakana. Analakwitsa, mwana anataya diso. Chimene anatisiyira n'chakuti ananena mbali yawo poyera asanafunse wina aliyense, anaima pakhomo pamene nyundo inkabwera, ndipo zaka zonse zotsatira anakhala pamalo pamene analephera kukhala tsiku lija. Ambuye amene anawatumikira ndi khutu limodzi ndi mkono umodzi awapatse mpumulo.

Manzere sanabwere kumaliro. Mlungu wathawu ndalandira kalata yake, ya mizere iwiri, yolemba yekha: “Ndamva. Undiuze tsiku la Misa yawo.” Ndamuyankha kuti ndi Loweruka loyamba la mwezi wamawa, nthawi ya eyiti mmawa. Sindikudziwa ngati abwere. Akabwera, musamufunse kanthu. Mungomusunthira malo.